Mimba ya ba Edwell ndi ubongo wa makoswe

Alamu anga ba Edwell a ku Kalingalinga, amuna a achemwali anga ba Philomena, anali ndi chimimba. Musaseke, chimimba chimenecho chinadyetsa ana asanu ndi ine ndemwe.

Ankagwira ntchito mu labu ina momwe dokotala wamkazi, ba Nsama, ankadula ubongo wa khoswe m'tizidutswa topyapyala n'kumatiyeza ndi timawaya. Kuti kachidutswa kasafe, pankafunika madzi a mchere ndi shuga oyenda pang'onopang'ono m'kapaipi, ofunda madigiri 33, osapitirira. Ntchito ya alamu inali kuyang'anira pampu ndi hita yotenthetsa madziwo.

Ndiye zinafika zaka zija zofolera ufa, makampani akutsekedwa uku ndi uku. Hita inapsa. Sipeya kunalibe. Mabwana anati labu ikasiya kuyeza, woyamba kuchotsedwa ndi woyang'anira hita yakufa.

Alamu anavula malaya, n'kuzunguliza kapaipi kasanu ndi kawiri pamimba, n'kuvala jekete. Madzi anatuluka 33 ndendende!

"Ba Edwell, nkalani che so, osanyamuka," anatero ba Nsama.

Anakhaladi, maola asanu ndi limodzi tsiku lililonse. Madzi akazizira, ankawamwetsa tiyi. Akatentha, alamu ankamasula batani limodzi la jekete. Kutsokomola kunkagwedeza mawaya, kuseka ndiye mlandu. Choipitsitsa, m'mimba mukalira makina ankalemba zimenezo ngati za khoswe, mpaka ba Nsama anabwera kunyumba kudzaletsa nyemba. Nyemba, abale! Ine ndiwo yanga yapamtima. Zaka ziwiri tinadya repu ndi kapenta chifukwa cha khoswe, ndipo mpaka lero ndikadali wokwiya.

Tsiku lina alamu anadzuka ndi malungo, koma anatiopseza kuti tisanene. Anakadzikulunga kapaipi akunjenjemera. Tizidutswa titatu tinafa motsatizana. Ba Nsama anayang'ana madigiri, n'kuyang'ana alamu.

"Imwe mudwala! Mwanipikila vinthu vanga!"

Anawatengera okha ku kiliniki, akuwakalipira njira yonse.

Chaka chachitatu zotsatira za labu zinasangalatsa anthu akunja, ndiye anatumiza mphatso: hita yatsopano, yonyezimira, yodziwongolera yokha pamodzi ndi pampu yake. Alamu anaisenza pamutu kukwera nayo masitepe, anailumikiza okha, anaipukuta ndi mpango wawo. Patangotha mlungu kalata yowachotsa ntchito inabwera. Ba Nsama anakamenya matebulo kwa mabwana, koma anawayankha kuti makina atsopano safuna munthu.

Alamu anafika kunyumba masana, jekete ili paphewa. Ine ndinali wokonzeka kutukwana labu yonse ndi makoswe ake omwe. Iwo anangokhala pampando, n'kusisita mimba yawo.

"Alamu," anandiuza, "lelo pikani nyemba."

Ndinaphika. Ndinalira pambaula ngati mwana, ndipo mphika wonse palibe anaumaliza.