Kamfuti Komwe Asikulu Anagula ku Zumbo

Ndikamva fungo la nsomba zowamba pankhuni za tsanya, ndimaona agogo anga aamuna, amene tinkawaitana kuti asikulu, akukocheza bwato padooko la kwathu kufupi ndi Feira, thukuta lili chuchuchu, kanthu kokulunga m'sanza akukafumbata pachifuwa ngati khanda. Tsikulo anawoloka mtsinje kupita ku Zumbo ndi mitanga ya nsomba kuti akasinthe ndi mchere komanso nsalu ya ambuye, agogo aakazi. Anabwera opanda mchere, opanda nsalu.

Ambuye atafunyulula sanzayo pakhonde, munatuluka kamfuti kakang'ono, kakuda, kogwira ndi dzanja limodzi. Ife tinkangodziwa mfuti zazitali za gogodela zimene alenje ankathiramo onga.

"A Fulansisiku, mchere wanga ndi umenewu?" ambuye anafunsa asikulu, powatchula dzina.

Asikulu anakanda m'mutu. "Mai, nanenso sindidziwa. Mwini sitolo anangoti ndikagwireko. Nditakagwira, dzanja linakana kubweza."

Asikulu sanali mlenje. Ngakhale nkhuku yomwe ankapatsa ena kuti awaphere. Poyamba anati n'koopsezera mvuu zimene zinkatha chimanga kudimba, kenaka anati n'ka ng'ona, madzulo ake anati mwina kangokhala m'nyumba basi.

M'mawa anaitana a Joakimu, mnansi wathu amene anamenyako nkhondo ya azungu, kuti awaonetse kawombedwe. Tonse tinalondola kumchenga. A Joakimu anaimika chipanda pachitsa, asikulu n'kutambasula mkono, kutsinzina maso onse awiri, n'kukoka. Phuu! Mkono unalumphira m'mwamba, mbalame zinabalalika m'mabango, ine m'makutu munangoti ziii, fungo lowawa ngati la tsitsi lopserera lili m'mphuno. Chipanda chinali chikhalire. Koma m'nthiti mwa bwato lawo, limene linali chapatali kumanzere, munali bowo, madzi akulowa pang'onopang'ono.

Asikulu anayang'ana kamfutiko, anayang'ana bwato, kenaka anaseka mpaka kukhala pansi.

"Akulu, chikalata cha boma muli nacho?" anafunsa a Joakimu motsitsa mawu. "Phokosoli lafika kuboma. Akakupezani nako popanda chilolezo, ndi ndende."

Masiku otsatira m'nyumba munalibe mtendere. Kamfutiko kanagona m'nkhokwe, kanasamukira kudenga, kenaka mumtsuko wa masau ouma. Tikaona mesenjala wa boma panjira ndi chipewa chake chofiira, ambuye ankatuwa nkhope. Koma asikulu, masana aliwonse anthu akapita kumadimba, ankakatulutsa, kukapukuta ndi mafuta a nsatsi, kukanunkhiza, n'kumangokayang'ana. Sanawombenso. Mvuu zitabwera, anaziingitsa pomenya debe monga kale.

Atamata bwato ndi phula, anabwerera ku Zumbo kuti akabweze, koma mwini sitolo anakana. Pobwera anafika opanda kanthu m'manja. Anati pakati pa mtsinje, pamene Luangwa imathira mu Zambezi, anangotambasula dzanja, kamfutiko n'kumira. Ambuye anaomba m'manja n'kuthokoza Mulungu. Asikulu anakhala pansi pa mtengo wa masau osadya tsiku lonse, ngati munthu wochokera kumaliro. Ndinasokonezeka. Ngati ankakakonda, anatayiranji? Ngati ankakaopa, ankaliriranji?

Nditakula, iwo atakalamba mpaka maso kuchita chifunga, ndinawafunsa. Iwo anati, "Mdzukulu wanga, amene anagula uja ndi ine, amene anataya ndi inenso. Anthu awiriwa sanakhalepo pansi n'kukambirana."

Lero ndine wamkulu kuposa mmene iwo analili nthawi imeneyo. Adzukulu anga akachita chinthu chopanda mutu, ndikawafunsa chifukwa iwo n'kuyankha kuti sadziwa, anzanga amati ndi bodza, ndiwakwapule. Ine ndimawakhulupirira.