Mzere wa kuseri kwa mpanda

Chinali chitini chachikulu cha jamu, chimene amalume anachiboola uku ndi uku n'kukolowekamo waya wogwirira. Chinkakhala pamsomali kuseri kwa chitseko cha kanyumba kathu ka malata ku Orange Farm, kunja kwa Joni, ndipo ine ndinkayesa kuti n'chotungira madzi.

Inali nyengo yozizira yoyamba titasamukira kumeneko, ndili mu Sitandade 2. M'mawa malata ankadontha chisanu, utsi wa mbaula n'kukakamira m'zovala mpaka kusukulu. Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu ku Rosebank. Ankagona komweko, n'kumabwera Loweruka ndi ufa, buledi wouma ndi mafupa a nyama. Pakhomo tinkatsala awiri, ine ndi amalume, mlongo wawo wamkulu wa amayi, amene anabwera ku Joni ali mnyamata kudzalowa mumgodi. Mgodiwo unangowasiyira chifuwa.

M'nyumba zoyandikana nafe nkhalamba inali chuma. Tsiku la penshoni, agogo a Chizulu ankaperekezedwa ndi adzukulu ngati akwati, madzulo ake fungo la nkhuku lili ponseponse. Amalume analibe mapepala a dziko lino, choncho penshoni inawadumpha. Lero ndimaona kuti tonse mumsewu umene uja tinali osauka ndithu. Kungoti kwa anzathu nkhalamba inkadyetsa ana, pomwe kwathu mwana ndi nkhalamba tinkayang'anira dzanja limodzi.

Zakudya za amayi zinkatha Lachitatu.

Kusukulu kunkabwera amayi a tchalitchi ndi mgolo wa supu wa nyemba. Aphunzitsi ankati, "Amene kwawo kulibe chakudya aimirire." Masiku oyamba ndinkakhala phee, mimba ikulira. Kenako njala inandiimiritsa. Supu akatsala, amayi aja ankapita naye kumpanda wa waya kuseri kwa zimbudzi, kumene kunkafola okalamba opanda owasamala.

Tsiku lina ndikupukuta kapu yanga ndi chala, mnzanga wokhala naye desiki anandigunda ndi chigongono. "Si Mnyasa wa kwanu uyo?" Umo ndi mmene ankatchulira anthu ochokera kudziko lakwathu.

Anali amalume, pamzere wa kumpanda kuja, m'jasi lawo lakumgodi, chitini chili m'manja. Maso athu anakumana. Anabisa chitinicho kumbuyo, kenako anachita chinthu chimene chimandiwotchabe mpaka lero: anavula chipewa. Munthu amene analera amayi anga anandivulira chipewa ine, ngati ndine kapitawo amene wawagwira akuba. Nkhope yanga inatentha pakati pa chisanu chonse chija.

Madzulo ndinapeza supu yemwe uja ali pamoto, atamuthira madzi kuti achuluke.

"Mnzanga wa kumgodi wandigawira," anatero osandiyang'ana. "Idya, mphwanga. Ine ndadya kale."

Ndinadya. Sanandifunse za kuimirira kwanga m'kalasi, nanenso sindinawafunse za mpanda. Nyengo yonseyo tinkafola mizere iwiri, ine mkati, iwo kunja, aliyense akuyang'ana nsapato zake.

Amayi anazimva kwa aphunzitsi, atakumana potsikira sitima. Loweruka limenelo sanamasule n'komwe katundu. Anakhala pachidebe, duku lili m'manja.

"Achimwene, mpaka pampanda?"

"Nanga Lachinayi mwanayu adye chiyani, chemwali?"

Amayi anaphimba nkhope ndi duku lija. Amalume anayamba kutsokomola, chifuwa chautali chimene chinkawapinda pakati, ndipo ine ndinatumidwa kukatunga madzi chidebe china chili chodzaza.

Patapita masabata angapo amalume anamva kuti ku Midrand, kumene ankamanga nyumba zatsopano, akufuna mlonda. M'mawa wonyamukawo ndinawapeza ali pa kagalasi kosweka, akupaka polishi wakuda wa nsapato m'imvi zawo ndi mswachi wakale. Fungo lake linadzaza nyumba. Anandifunsa ngati kumbuyo kwatsala poyera, ndipo ndinawapaka ndekha, ndikuseka. Anayeserera kuyenda mowongoka kuchoka pabedi kufika pachitseko, akumeza chifuwa kuti chisamveke.

"Akafunsa zaka, ndichotsako pang'ono," anatero.

Ntchitoyo anaipeza. Ankagona m'kachisakasa pamalo omangapo, pakati pa matumba a simenti, ndipo ine anandisiya m'manja mwa mayi wina wa tchalitchi chathu. Kumpanda sanaonekenso. Zakudya za amayi zinayamba kufika Lachisanu, nthawi zina n'kutsalako buledi. Anzanga anaiwala za Mnyasa, ndipo ine mumtima ndinati zinthu zayamba kuyenda.

N'chifukwa chake sindinkawamvetsa amayi. Loweruka lililonse ankatsegula thumba la ufa, n'kupeza kuti watsalamo umene amalume akanadya, n'kukhala pansi kumalira.