Kapu ya Achimwene

Munthu akadzakuuzani kuti masewera olowa pansi pa nyanja ndi aukhondo chifukwa amachitikira m'madzi, mudzamutumize kwa alamu anga. Iwo ndi amene amachapa masuti a labala omwe alendo amavala polowa m'madzimo, ndipo ntchitoyi aigwira zaka zisanu ndi zinayi. Ine ndimakhala m'kachipinda koyandikana ndi kawo, kupopera mpweya m'masilinda amene alendowo amabereka kumsana. Bwana wathu ndi mmodzi, mwini boti lotengera anthu kukaona sitima imene inamira kunja kwa doko.

Ndinene mosapsatira: anthu amenewa amakodzera m'masuti. Akuluakulu ndithu, a ndevu zawo, ena madokotala, ena maloya. Ati pansi pamazizira, ndiye mkodzo umawafunditsa. Akatuluka, masuti onse amaunjikidwa m'chibafa chimodzi chapulasitiki, n'kumaphikika ndi dzuwa ulendo wonse wobwerera. Mukachivundukula, fungo lake limakutulutsani misozi. M'magalasi amalavuliramo dala kuti asachite nthunzi. Zopumira zoika m'kamwa zimabwera zitatafunidwa, zina zili ndi masanzi a munthu amene mafunde sanamukonde. Zonsezi alamu amazigwira ndi manja awo, poti magolovesi amati amawalepheretsa kumva ngati m'kati mwayera.

Mwina mukudabwa kuti mayi wodziwa kusoka pa makina anasankhiranji ntchito yonyansa chonchi. Sitima ijatu si yachilendo kwa ife. Inali yonyamula katundu, ndipo achimwene anga, amuna awo a alamuwo, anali ophika mmenemo. Itamira, anthu atatu sanapezeke mpaka lero, ndipo mmodzi mwa iwo ndi achimwene. Tinalira maliro opanda mtembo. Manda awo ndi chimene chija alendo amapita kukajambulitsapo atakweza zala ziwiri.

Pakhoma la ofesi pali chikwangwani choletsa kutenga kanthu m'sitimamo, koma manja a anthu amayabwa. Wina amatuluka ndi sipuni, wina chogwirira chitseko, wina mbale yophwanyika. Amajambulitsa nazo pa boti mano ali pamtunda, kenako abwana amati, "Lamulotu likuletsa, ponyani m'bafamo, tidzabweza." Motero zinthu za akufa zimafika kumtunda zitagona pansi pa masuti onyowa. Alamu analowera ntchito chifukwa cha chimenechi. Amazitola chimodzichimodzi, kuzitsuka ndi madzi a pampopi, kuziika m'kandowa, ndipo m'mawa uliwonse ine ndinkapereka kandowako kwa Katumbu kuti akabweze kwa eni ake.

Katumbu ndi amene amatsogolera alendo pansipo. Ndi bambo wa msinkhu wanga, tsitsi lofiira ndi mchere, ndipo tinamutcha choncho chifukwa pamtunda amayenda ngati wabwereka miyendo. Iye ndi amene amayamba kulowa yekha kukamanga chingwe cha boti ku sitimayo, kathumba ka zobweza kali m'chiuno. Alendo amamukonda kwabasi.

Tsiku lina masana ndinamva madzi asiya kukhavuka kwa alamu. Nditasuzumira, ndinawapeza atakhala pansi, pasimenti yonyowa, atagwira kapu yachitsulo chosachita dzimbiri. Chogwirira chake chinali chomangidwa ndi waya wamkuwa. Ndinaizindikira nthawi yomweyo, chifukwa waya ameneyo ndinawapatsa achimwene ndine. Achimwene anali munthu waukhondo wotopetsa nawo. Sankamwera kapu ya wina, ndipo yawo ukaikhudza ankaitsuka kawiri iwe ukuona.

Alamu sanalire mokweza. Anaitsuka ndi sopo wa kunyumba, osati wa masuti, naikulunga m'kansalu. M'mawa mwake anapita nayo okha kwa Katumbu.

"Bambo, iyi ndi ya malemu amuna anga. Chonde mukaiike kukhitchini kwenikweni, m'kati, kumene alendo safikako."

"Musadandaule mayi," anatero Katumbu atagwira pamtima. "Ndikaisiya pamalo pake penipeni."

Patatha milungu iwiri, kapu inabweranso m'bafa. Tinati mwina mafunde anaikokolola. Alamu anaitsukanso, anaiperekanso. Itabwera kachitatu, inatuluka m'kati mwa suti ya mlendo wina wamimba, amene anaibisa pachifuwa kuti anzake asamulande. Alamu ataipendeketsa, munatuluka madzi achikasu. Ine ndinathawira panja kukalavula.

Madzulo a tsiku limenelo Katumbu akutsuka mapazi pampopi, alamu anamuimirira kutsogolo, kapu ili m'manja.

"Bambo, mundiuze zoona. Kapuyi mumakaiika kuti?"

Katumbu anaseka, kuseka kwa munthu amene sakuona cholakwa chilichonse.

"Mayi, inu simudziwa? Sitima ija anthu anaikomba kalekale, mulibe ngakhale msomali. Ndiye mlendo akalowa n'kutuluka chimanjamanja, abweranso? Ndikatsika kukamanga chingwe, ndimazikwirira pang'ono mumchenga pafupi ndi khomo, kuti azipeze okha. Abwana akudziwa. Kapu yanuyi ndiye amailimbirana, ati ikuoneka kuti inali ndi mwini wake."

"Ndiye masipuni onse aja?"

"Ndi omwewo, mayi. Alipo asanu okha. Ndinu munawasamala bwino, n'chifukwa chake akuwalabe."

Zaka zisanu ndi zinayi! Mayi kumatsuka masipuni asanu omwewo, kumawapukuta mwaulemu ngati akusambitsa maliro, ine n'kumanyamula kandowa kukasungitsa mbuzi kwa fisi. Ndinanyansidwa naye Katumbu, ndinanyansidwa nawo abwana, komanso ndinadzinyansira ndekha. Sipuni ina yopindika ndinali nditaiona kangapo konse, koma ndinkati masipuni amafanana. Sindinkafuna kudziwa, nkhani yake ndi imeneyo.

Ndinkayembekezera kuti alamu alalata, kapena amuthira Katumbu madzi a m'bafa. Ayi, anangotembenuka n'kukamaliza kuyanika masuti.

Chimirireni sitima ija, alamu anali asanapondepo m'boti. Koma m'mawa mwake anapempha abwana kuti apite nawo, ati akufuna kukabweza okha kapuyo. Abwana anakondwa zedi. Tisanachoke n'komwe padoko anali atauza kale alendo kuti mayi awa ndi amasiye a munthu wa m'sitimamo, ndipo mafoni anatuluka m'matumba. Mayi wina anawakolowekera dzanja pakhosi n'kupanga nkhope yachisoni mpaka chithunzi chitatheka, kenako anapitiriza kudya nthochi yake. Ine ndinakwera nawo ponamizira kuyang'anira masilinda.

Alamu anasanza njira yonse. Titafika pa chigubu choyandama chimene chimasonyeza pamene sitima inagona, Katumbu anavala zake n'kutambasula dzanja.

"Bweretsani mayi, lero ndikaiikadi kukhitchini."

"Pitani bambo, alendo akudikira," anatero alamu, kapu ili pamiyendo.

Alendo anadziponya m'madzi chagada mmodzimmodzi. Ife tinatsala pamwamba kumayang'ana thovu la mpweya wawo likuphulika. Alamu analiyang'ana nthawi yaitali. Apa ndi pamene anafika pafupi kwambiri ndi amuna awo m'zaka zonsezi, ndipo pakati pawo panali anthu khumi akukodza.

Alendo anatuluka akukuwa ndi chimwemwe, wina atanyamula sipuni yopindika ija. Masuti anaponyedwa m'bafa, boti linatembenuka. Pobwerera timadutsa pangalande ya sitima zikuluzikulu, pamene madzi amasintha n'kukhala bii. Alamu anandikoka malaya.

"Alamu, inu mumadziwa za mpweya. Pano munthu wa silinda angafike pansi?"

"Ayi, pano palibe angafike. Ngakhale Katumbu."

Anamasula kansalu kaja, natulutsa dzanja kunja kwa boti, n'kuisiya kapu. Inang'anima kawiri ikutembenuzika, basi osaonekanso.

Mtima unandipweteka kwambiri. Ndinayang'ana kumbuyo, chigubu chija chikuoneka ngati kadontho.

"Koma alamu, achimwenetu ali uko. Kuno n'kutali. Azimwera chiyani?"

Anapinda kansaluko bwinobwino n'kukaika m'thumba.

"Achimwene anu mukuwadziwa. Ankakana kapu yoti mwamwera inu, m'bale wawo weniweni. Ndiye amwere yamkodzo wa alendo? Bola akhale ndi ludzu."

Titafika padoko alamu anatsika, nagwira mbali imodzi ya chibafa chija, ine mbali inayo. Tinachinyamula mpaka pampopi, ndipo anachivundukula.