Mkaka Wowiritsa

Pomwe inkakwana faifi koloko m'mawa, Atelala anali ali kale pampando akufinya mkaka wa m'mawere, madzi otsukira botolo akubwata pambaula. Masiku amenewo mkakawo unali utayamba kuchepa. Makina awo osokera anali chivundikirireni tsiku lomwe adapita kukachira. Mwana adabadwa masiku asanakwane, ndipo adamwalira asanayamwe n'komwe. Koma mkaka sudamve za malirowo. Unkangotuluka, kunyowetsa bulauzi.

Yemwe adawapempha kuti azipereka mkakawo ndi namwino wa kafukufuku kuchipatala. Adati mu mkaka wa mayi muli puloteni yomwe imagwira ayironi n'kuisunga, tizilombo toyambitsa matenda m'matumbo mwa khanda n'kusowa chodya. Madokotala ankafuna kuiyeza, aone ngati ingateteze makanda obadwa masiku osakwana.

Atelala sadafunse za malipiro. M'mawa uliwonse ankayenda wapansi, botolo atalikulunga m'kathaulo, n'kukalisiya pawindo la labotale. Amuna awo ankati, "Kodi mwalembedwa ntchito ya ng'ombe? Nanga madiresi a eni akewa asoka ndani?"

"Eni ake adikira," ankayankha choncho, osatembenuka.

Tsikulo adafika pawindo asanatsekule, ndipo namwino uja adalandira botolo m'manja mwake.

"Mayi, bwanji likutentha chonchi?"

"Ndimawiritsatu, anamwino. Zothandizira ana a eni ake ndingabweretse zosawiritsa?"

Namwino adakhala pabenchi. "Mudayamba liti?"

"Chiyambireni."

"Mayo ine! Ndidakuuzani zowiritsa botolo, za mkakawo sindidanene. Moto umaononga puloteni ija. Wolakwa ndine, mayi."

Mabotolo awo onse adatulutsidwa m'firiji n'kukhuthulidwa m'sinki, iwo akuona. Namwino adati atha kuyambiranso. Atelala adayesa. Ankafinya mpaka misozi, koma munkangotuluka timadontho tosaphimba ndi pansi pa kapu pomwe. Mkaka womwe mwana wawo sadaulawe sudathandizenso mwana wa munthu wina aliyense.

Atalephera kotheratu, adapita kwa mayi woyandikana nawo nyumba, wogulitsa makala, yemwe ankayamwitsa kamtsikana konenepa.

"Anzanga, mkaka wanuwu ngwochuluka, mwana mpaka akutsamwa nawo."

"Ndiye mukufuna mundikame?" mayiyo adaseka.

Atelala sadaseke. "Mawa mupiteko kuchipatala kuja, mukafunse namwino wa kafukufuku. Mwanayu ndi makala anu ndikuonerani ine. Koma chonde, mkakawo musauike pamoto."