Tatu Anasewera Chogwada

Pakhonde la sitolo ya nsalu pafupi ndi msika wa Mangochi timakhalapo atelala awiri, ine ndi Tatu. Pansi pa makina ake pamakhala kathumba komwe sikakhudzana ndi zosoka. M'menemo mumakhala bolodi la tchesi lopinda ngati mphasa, ndi tizidole take takuda ndi toyera. Ntchito ikaduka masana ine ndimawodzera, iye amayala bolodi lija pamiyendo n'kumasewera yekha mbali zonse ziwiri, atakwinya nkhope ngati akusankha miyala mumpunga.

Masewerowa anawaphunzira ali mtsikana ku Monkey Bay. Pasukulu pawo panabwera mphunzitsi wamkazi wochokera ku Ireland, dzina lake Orla, yemwe kwawo ankasewera m'mipikisano. Mayiyu ankawauza atsikana kuti ngakhale kwawoko ankalowa mu holo yodzaza anyamata ali mtsikana yekha, ndipo akapambana anthu ankati ndi mwayi chabe. Atsikana ena anabwera kangapo kudzaphunzira tchesi kwa iye n'kutopa nazo, koma Tatu anakakamira. Pobwerera kwawo mphunzitsiyo anamupatsa bolodi lija.

Atakula anakwatiwa ndi Sadik, amene amagula usipa kunyanja n'kukagulitsa ku Limbe, ndipo anabwera kudzakhala paboma pano, kuseri kwa nyumba ya makolo a mwamunayo. Sadik ndi munthu wabwino, sindimunenera zoipa, koma bambo ake akangotsokomola iye mawu amamuthera. Bambo akewo ndi Che Jaffalie, eni golosale ndi mabwato awiri, ndipo ndiwo anayambitsa kalabu ya tchesi imene imakumana Loweruka lililonse m'kalasi ya pasukulu ina ya pulayimale. Kwa zaka zambiri panalibe wowagonjetsa.

Tatu analowa kalabuyo ali mkazi yekha, ndipo sipanatenge nthawi kuti ayambe kuwakwapula azibambowo mmodzimmodzi. Koma kodi alipo amene anavomerapo kuti wagonja? Wina ankati mutu ukumuwawa. Wina ankati maganizo ake anali kumaliro a mlamu wake. Ambiri ankangoseka, n'kunena kuti amusiyira dala, poti mwamuna weniweni salimbana ndi mkazi. Mawu amenewa ankamudya Tatu mumtima kuposa mmene ankaonetsera. Tsiku lina akupinda siketi ya kasitomala anandiuza, osandiyang'ana, kuti chimene akufuna pamoyo wake n'chimodzi chokha: kudzapambana kamodzi pamaso pa anthu, pali wotchi ndi woweruza wachilendo, kuti pasadzapezeke pakamwa ponena kuti anamusiyira.

Munthu mmodzi yekha ndi amene Tatu anali asanasewerepo naye, ndiye apongozi akewo. Chifukwa chake aliyense kuno akuchidziwa. Mtengwa sakhala pampando moyang'anizana ndi apongozi aamuna, sagwirana nawo chanza, sawayang'ana m'maso. Akakhala ndi mawu amagwada chapatali, n'kuwadutsitsa mwa apongozi aakazi. Kukalabu Che Jaffalie ankakhala kuzenera, Tatu kuchitseko, ndipo azibambo ankaonetsetsa kuti awiriwa asakumane patebulo limodzi.

Ine sindilimbana ndi mwambo. Nanenso ndimawagwadira apongozi anga, ndipo sindinathyokepo mwendo. Chimene chimandikwiyitsa ndi mwambo wogona tulo n'kumadzuka tsiku limene mwini wake waufuna. Che Jaffalie omwewa ndinawaona ndi maso anga tikuchokera kumaliro ku Nkhudzi, atapanikizana ndi Tatu pampando umodzi wa minibasi, bondo ndi bondo, njira yonse. Sanatsike kuti ayende pansi.

Chaka chatha kunabwera mpikisano wa boma lonse, wochitikira m'kalasi ya pasukulu yomwe ija, wopambana adzapite kukaimira Mangochi ku Lilongwe. Mbali ya amayi anaithetsa m'mawa wa tsiku la mpikisanolo, akuti walembetsa ndi mmodzi yekha. Nanga akanalembetsa ndani, poti kusukulu za atsikana sanapiteko kukalengeza? Tatu anangoti palibe kanthu, asewera ndi azibambo omwewo. Ine ndinatseka makina anga n'kupita kukaonerera, ngakhale kuti tchesi ndimangodziwa kuti kavalo amalumpha mokhota, basi.

Woweruza anali mnyamata wa ku Zomba dzina lake Ayub, ndipo amene ankasankha kuti uyu asewere ndi uyu sanali iye koma kompyuta yake. Tatu anapambana masewero ake onse. Che Jaffalie nawonso anapambana awo onse. Pofika masewero otsiriza, kompyuta inachita zimene inapangidwira, inaika opambana awiriwo patebulo limodzi. Kompyuta ilibe apongozi.

Azibambo angapo anapita kukamunong'oneza Ayub, iye anapukusa mutu, akuti sangasinthe chifukwa awiriwa ndiwo ali pamwamba. Tonse tinayang'ana kwa Che Jaffalie, poti amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Njira zinalipo, ndipo zinali zapafupi. Akanatha kunena kuti lero lokha mtengwa akhale pampando, ndipo palibe akanamunena. Tatu mwini, ataima pakhomo, anandituma kwa Ayub kukapempha kuti asewere pamabolodi awiri, wina mbali iyi wina mbali iyo, munthu azinyamula mayendedwe pakati pawo. Ayub anati zitheka ngati onse awiri avomera, ndipo anapita kukawafunsa Che Jaffalie mwaulemu.

Iwo anali atakhala kale patebulo. Anakonza chipewa chawo, n'kuyankha mosakweza mawu.

“Ine ndakhala kale pampando, mwana wanga. Sindinaletse munthu.”

Atatero anasuntha msilikali wawo woyamba n'kudina wotchi. Patchesi wotchi ili ndi mbali ziwiri, ndipo mnzako akadina, nthawi imene ikutha ndi yako, kaya wakhala patebulo kaya uli panja. Ikakuthera wagonja. Apa m'pamene ndinamvetsa. Nkhalambayi sinafune kusewera, inafuna kuti mwambo uwinire iyo, iyo itangopinda manja.

Nthawi ya Tatu inkapita. Sadik anaima pambali pake akumunong'oneza kuti angozisiya, chaka chamawa chilipo, asawachititse manyazi abambo. Ine ndinafuna kumufunsa kuti manyaziwo akuchititsa ndani, koma ndinaluma lilime. Tatu anavula nsapato n'kundipatsa, anamangitsa chitenje, anakonza mpango wake wakumutu, n'kulowa chowerama ngati mmene amachitira akamapereka madzi osamba m'manja. Atafika patebulo anakokera mpando pambali n'kugwada pasimenti. Anawomba m'manja pang'onopang'ono m'malo mwa chanza. Matebulo anali a ana a sukulu, aafupi, kotero bolodi linamufika pachifuwa.

Wina anadandaula kuti zimenezi n'zosaloledwa. Ayub anaganiza pang'ono, n'kunena kuti iye sakudziwa lamulo lokakamiza munthu kukhala pampando, masewero apitirire.

Tatu sanadzutse maso ngakhale kamodzi. Ankasuntha ndi dzanja lamanja, lamanzere litagwira pamkono, monga timachitira popereka chinthu kwa wamkulu. Akadya chidole cha apongozi ake ankachinyamulanso chimodzimodzi, mwaulemu wonse, n'kuchiika pambali. Popeza nthawi yake inali itadyeka kale, sankachedwa kuganiza, ndipo wotchi inkangomveka kuti tapu, tapu. Ine zamkati mwa masewerowo sindinazitsate. Ndinkangoona kuti mulu wa tizidole toyera ukukula pafupi ndi chigongono chake, ndiponso kuti thukuta layamba kutsika pansi pa chipewa cha Che Jaffalie. Anthu anasiya matebulo ena n'kudzaunjikana. Mfumukazi yoyera itadyedwa, bambo wina amene anaima pafupi nane anandinong'oneza kuti zatha, mfumu ilibe kothawira, akangosuntha kulikonse Tatu amaliza.

Che Jaffalie anayang'ana bolodi nthawi yaitali. Kenako anadzuka, anasasa mkanjo wawo, n'kutembenukira kwa azibambo anzawo akumwetulira.

“Nkhalamba ngati ine ndikatani ku Lilongwe? Ndamusiyira mwanayu, apite akaone tawuni.”

Ndipo anatuluka. Sanagoneke mfumu yawo pansi monga amachitira ogonja, sanamuuze woweruza kuti agonja, anangotuluka. Chimene sindidzaiwala n'chakuti azibambo aja anawomba m'manja. Anawombera iwo! Anthu omwe anaima pomwepo, amene anaona ndi maso awo kuti mfumu yatsekeredwa, ankauzana kuti koma mdala uyu ndi wamtima wabwino.

Ayub anati popeza sanagonje ndi pakamwa pawo, tidikire nthawi yawo ithe. Ndinamuuza Tatu kuti adzuke akhale pampando, apongozi apita. Anakana, akuti wina angagunde tebulo n'kusokoneza tizidole. Anakhalabe chogwada moyang'anizana ndi mpando wopanda munthu mpaka wotchi inatha. Podzuka ndinachita kumugwira, miyendo itachita dzanzi, maondo atadindika timiyala ta simenti.

Ayub analengeza kuti wapambana ndi Tatu, koma Ayub anakwera basi madzulo omwewo, pakamwa pa anthu n'kutsala ku Mangochi. Pofika Lolemba nkhani inali itazungulira msika wonse, ndipo inali nkhani ya kukoma mtima kwa Che Jaffalie. Makasitomala ankabwera pakhonde ndi nsalu zawo n'kumamuuza Tatu kuti ali ndi mwayi, apongozi otere sapezeka. Ine ndinakangana ndi anthu mpaka mawu anandisasa, wina anatenga nsalu yake kupita nayo kwa telala wina, ndipo sindinadandaule. Koma Tatu akanatani? Kunena kuti sizinali choncho kukanakhala kunena kuti apongozi ake ndi abodza. Ankangopalasa makina, mutu uli pansi.

Ulendo wa ku Lilongwe usanafike, apongozi aakazi, a Mwanabibi, anatumiza mawu. Akuti munthu akapatsidwa chinthu ndi wamkulu sanyamuka asanapite kukathokoza, abwere masana adzathokoze abambo. Nditamva ndinaponya sizasi pansi. Ndinamuuza kuti asapite, anene kuti akudwala. Iye anati apita, ndipo anandipempha kuti ndimuperekeze. Ponyamuka anatenga kathumba kaja.

Tinawapeza Che Jaffalie atakhala pampando wawo pakhonde, atangotha kudya. A Mwanabibi anali pamphasa chapambali. Sadik anali atapita ku Limbe, ndipo ndikukhulupirira kuti anasankha tsikulo dala. Tinapereka salamu n'kugwada chapatali. Tatu anamasula kathumba, anayala bolodi pamphasa, n'kuyamba kuika tizidole kamodzikamodzi, osati poyambira masewero ayi, koma pamalo pomwe kalikonse kanali pamene apongozi ake ankadzuka tsiku lija. Atamaliza anakankhira bolodi kutsogolo ndi manja awiri, maso ali pansi.

“Amayi, awuzeni abambo kuti ndabwera kudzathokoza. Koma masewero aja sanathe. Zonse zili mmene anazisiyira, ndipo osuntha ndi iwo.”

Ndinkayembekeza kuti a Mwanabibi amukalipira, kapena awasandutsa mawuwo kukhala zikomo wamba, monga amachitira azimayi anzeru pofuna kuteteza mtendere wa pakhomo. Koma iwo anayang'ana Tatu, anayang'ana bolodi, kenako anatembenukira kwa amuna awo, amene akhala nawo pabanja zaka zosawerengeka, n'kubwereza mawu onse mmene analiri, osachotsapo ngakhale amodzi. Anawonjezerapo mawu awo okha akuti, “Mwamva, bambo.”

Che Jaffalie anawerama n'kuyang'ana bolodi lija. Dzanja lawo linanyamuka pabondo, linafika pamwamba pa mfumu yoyera, n'kubwerera. Kenako anafunsa ngati m'ketulo muli madzi oti asambe, akuti nthawi ya pemphero la swala yakwana, ndipo analowa m'nyumba.

Dzuwa linali lidakali pamwamba, kumzikiti kunali zii. Tinakhala pamphasapo azimayi atatu, bolodi lili pakati pathu, mpaka woitanira anthu kumapemphero anaitanadi, anthu anapita kukaswali n'kubwerako. Che Jaffalie sanatulukenso.