Manda a pa Khoma la a Overton

Aleke anabadwira ku Ntaja. Sukulu analekezera Sitandade 7, ndipo asanakwere ndege ankagulitsa kaunjika pamsika. Mwamuna wake atalowera ku Joni osaimbanso foni, iye anasiya mwana wake Upile m'manja mwa mayi ake n'kubwera ku Doha, m'dziko la Qatar, mu 2018. Anapeza ntchito ya m'nyumba ku West Bay kwa a Overton, mzungu wachikulire wa ku Mangalande, injiniya wokhala yekha. Ntchito yabwino chotero inali yosowa. Lachisanu ankapuma, pasipoti ankasunga yekha, ndipo bwanayo kukalipa sankakudziwa.

Zinthu zinasintha korona itabwera. Abwana anasiya kupita ku ofesi, kudya anachepetsa, n'kumangodzitsekera m'chipinda chowerengera. Tsiku lina Aleke atalowamo ndi mopu, anapeza khoma lonse lamatidwa zithunzi. Manda okhaokha. Miyala yakale yandere, ina yopendekeka, pansi pa chithunzi chilichonse pali dzina ndi chaka.

Kwawo munthu sapita kumanda popanda maliro, ngakhale kuloza ndi chala saloza. Nanga uyu wobweretsa manda m'nyumba, akufuna chiyani?

"Awa ndi anthu akwathu," anatero a Overton atamuona wangoima. "Katauni kakang'ono, msewu umodzi, tchalitchi ndi chigayo. Uyu ndi Stafford, ankasula zitsulo za kuphazi kwa akavalo. Mayi awa anaphika buledi zaka makumi anayi. Ana atatuwa anafa onse m'sabata imodzi ndi chimfine, kalekale."

Ankawatchula ngati anacheza nawo dzulo. Kenako, kope lomwe ankalembamo mayina a akufawo lili chitsegulire, cholembera chili m'manja, anatembenuka. "Paja mwana wako dzina lake ndani? Anabadwa chaka chanji?"

"Mpunga ukupserera, bwana," anayankha Aleke, n'kutuluka. Pamoto panalibe poto.

Kuyambira pamenepo anayamba kuwaonetsetsa. Abwana akalandira envulopu, iye ankasuzumira m'bini, n'kupezamo mayina enanso. Akamaimbira foni mwana wake, ankatsekera kubafa n'kutsegula mpopi kuti dzina lisamveke. Abwana anafunsanso kawiri, iye n'kuzemba kawiri.

Mu Seputembala mayi ake anaimba kuti Upile watentha thupi, akusanza. Aleke anakumbukira kope lija. Anaimbira Rukia, mnzake wa ku Ntaja yemwe ankakolopa pa hotela ina ku Msheireb.

"Che Rukia, ndifunseko. Azungu amakhwima?"

"Iii, wallah, ndalama zonsezija mukuyesa n'za sukulu yokha?" Rukia anaseka, koma atamva za mwana anasiya. "Ndiye mukudikira chiyani, asisi? Lamulo lasintha. Pano kusintha ntchito sikufunanso kalata ya abwana, mungopereka notisi, khalasi, nkhani yatha. Kwathu kuno akufuna anthu. Kungoti tikugona asanu ndi mmodzi chipinda chimodzi, ndipo supavaiza ndi chilombo."

"Chilombo chooneka ndi bwino."

Rukia anamuthandiza kulemba notisi pa foni, kunangotsala kudina kuti ipite. Koma Aleke sanaleredwe mochoka pakhomo pa munthu osatsanzika. Anavala masiki, anamanga mpango bwinobwino, n'kukagogoda.

Anapeza abwana akumata chithunzi china. Ichi chinali chamakono: dothi lofukula kumene, maluwa asanafote, mwala palibe.

"Bwana, ndilankhule. Anthu akufawa mukuwasonkhanitsiranji?"

A Overton anayang'ana chithunzi chatsopanocho. "Awa ndi bambo anga. Anamwalira mu Epulo ndi korona. Ndege kunalibe, maliro ndinaonera pa laputopu. Kunali anthu khumi okha. Buku la mbiri ya tauni yathu analiyamba ndi iwo, ine ndikungomaliza."

Aleke anawerenga ndi zala. Miyezi isanu akuphikira munthu wofedwa, osamupepesa, osamukhazika pansi, kumangomufufuza m'bini! Anavula masilipasi, anakhala pansi pafupi ndi chitseko, miyendo atatambasula monga amachitira pasiwa. Abwana anadzidzimuka n'kumukankhira mpando. Iye anakana ndi mutu. Anakhala choncho nthawi ndithu.

"Pepani ndi zovutazi, bwana. Mukanatiuza. Maliro sabisa."

"Zikomo, Aleke."

"Koma chimodzi. Mwana wanga musamufunsenso dzina kope limenelo lili m'manja. Muli akufa okhaokha mmenemo."

A Overton anayang'ana kope, anayang'ana Aleke, ndipo zinkaoneka kuti sanamvetse. Komabe analitseka n'kuliika m'dirowa.

Notisi ija Aleke sanadine. Upile anali ndi malungo, ndipo atamwa mankhwala a kuchipatala anadzuka pa tsiku lachitatu. Rukia anamunena Aleke kuti ndi wofewa mtima, mzungu wamugula ndi misozi. Aleke sanatsutse. Mpaka pano akugwirabe ku West Bay konko, ndipo a Overton amangoti "mwana ali bwanji?" iye n'kuti "ali bwino, bwana." Chipinda chowerengera amakolopa m'mawa kuwala kwa dzuwa kutalowamo, chitseko chili pululu, ndipo khomalo amalipatsa msana.