Tabuleti Imene Achimwene Anatumiza Kuchokera ku Joni

Tabuleti yoyamba inabwera ndi bambo wina wa ku Bangula amene ankabwerera kumudzi kuchokera ku Joni. Anaikulunga m'thaulo, pakati pa zovala za ana ake. Anaitumiza ndi achimwene anga, amene anapita kumeneko amayi athu atangomwalira. Sinali yatsopano. Inali ya abwana awo, ndipo pakona galasi lake linali ndi kamng'alu. Koma kwathu kwa Tengani anthu ankabwera kudzaiona ngati mwana wakhanda.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale. Ukwati wanga utatha ndinabwerera kwa baba, ndipo tinkakhala awiriwiri. Tinabadwa ana awiri okha, achimwenewo ndi ine. Iwo ankatumiza thandizo, sindingawanamizire. Ine ndinkatunga madzi, kuchapa, kuphika, ndi kukankha njinga baba atakhala pakaliyala popita kuchipatala.

Pakhomo pathu netiweki imagwira malo amodzi okha, pachulu cha kuseri kwa khola, pansi pa mtengo wa masau. Lamulungu lililonse masana ndinkanyamulira mpando kumeneko, baba n'kukhala, ine n'kuimirira patsogolo pawo nditagwira tabuleti. Achimwene ankaonekera pagalasi atakhala pabedi m'kachipinda kawo. Ankafunsa za ng'ombe, za thonje, za amene wamwalira ndi amene wakwatira. Baba ankayankha mokweza ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa Shire. Ine ntchito yanga inali ya mikono. Kawirikawiri kuyankhulana kunkatha achimwene osandifunsa n'komwe kuti ndadzuka bwanji.

Patapita zaka, baba anayamba kudwala. Kuchipatala anati mtima watupa. Miyendo inayamba kudzaza madzi, pamene nkhope ndi mikono zinkatha. Munthu amene ankasenza yekha belo la thonje anayamba kupumira panjira pochoka pakhonde kupita kuchulu. Maso nawo anachita ng'ala. Koma Lamulungu silinkawaphonya. Ankandiuza kuti ndiwasambitse, ndiwamete, kenako ndiwaveke jekete lawo la kutchalitchi ndi chipewa. Mwezi wa Okutobala, dzuwa la kuchigwa kuno lotentha mpaka mbuzi kubisala pansi pa nkhokwe, iwo ali m'jekete, thukuta lili kamukamu m'khosi.

"Baba, muvule jeketeli, mukomoka," ndinkatero.

"Mwana wanga, mnzako ali kutali. Asamagwire ntchito mtima uli kuno."

Achimwene akafunsa za thupi, baba ankawongola msana n'kuyankha kuti ali bwino m'Chisena chawo chija, "Ndiri pyadidi." Foni ikaduka ankagwera kumbuyo kwa mpando, ndipo ndinkawakupiza ndi chivindikiro cha ndowa mpaka mpweya ubwerere.

Tabuleti nayo inali itakalamba. Batire linatupa ndi kutentha mpaka kumbuyo kunakanuka, ndinkachita kumanga ndi mphira. Ndikakaitchajitsa kwa ometa tsitsi amene ali ndi sola, inkangokhala kanthawi n'kuzima. Kamera yake inkaonetsa zinthu ngati kuli fumbi la kamvuluvulu. Achimwene ankati akuona chipewa ndi jekete, nkhope ayi.

Tsiku lina mkati mwa sabata anandiimbira ndili kusukulu.

"Chemwali, ndaona tabuleti ina kuno. Ndi yaing'ono, yolowa m'chikwama cha m'manja, koma kamera yake ndi yoopsa. Batire limakhala tsiku lonse. Ndikutumizire?"

"Achimwene, bwanji osabwera nokha? Baba sali bwino."

"Umatero nthawi zonse. Lamulungu lomweli anandiuza okha kuti ali bwino. Ukudziwa za mapepala anga, ndikatuluka sindidzalowanso. Ndiye mudzadya chiyani kumeneko? Iwe ungondiuza, ndigule kapena ndisagule. Yakaleyo ikadali ndi moyo ndisaononge ndalama."

Ndinawauza kuti ndiganiza kaye.

Kunena zoona ndinkaifuna. Yakaleyo ndinkaigwiritsanso ntchito kusukulu, kuonetsa ana zithunzi za mapiri ndi za m'thupi la munthu, ndipo inkandichititsa manyazi pozima phunziro lili pakati. Koma china chinkandiwawa. Chilichonse chimene ndinkapempha achimwene chinkabwera ngati katundu. Ndikati ndatopa, kunkabwera nsapato. Ndikati baba sagona, kunkabwera bulangete, kuno kumene ngakhale nsalu yopyapyala imalemera. Tsopano ndinapempha munthu, ndipo ankandipatsa galasi lina loti ndizinyamula.

Loweruka ndinakwera minibasi kupita ku Bangula kukagula mankhwala a baba. Pafupi ndi pamene amayi amagulitsa nsomba zouma pali kasitolo ka mafoni. Ndinalowa n'kufunsa ngati ali ndi tabuleti zing'onozing'ono zatsopanozi. Mwini sitolo, bambo wonenepa wa ndevu zoyera, anali nayo imodzi yoonetsera. Anaipukuta ndi malaya ake n'kundipatsa. Inali yopepuka ngati mbale ya pulasitiki.

"Aphunzitsi, yesani kamerayo," anatero. "Lozetsani padzanja lanu."

Ndinalozetsa. Pagalasipo ndinaona dzanja limene sindinkalidziwa. Ming'alu ya sopo m'zala, chikhadabo chothyoka, chipsera cha mbaula, khungu lotuwa ngati la nkhalamba. Dzanja lomwelo ndinkaliona tsiku ndi tsiku, koma kamerayo inalionetsa popanda chisoni. Ndinaganiza za khosi la baba m'kolala ya jekete, ndi maenje a m'masaya mwawo.

"Imeneyi sibisa kanthu," anatero mwini sitolo, akuseka. "Atsikana amadana nayo."

Ndinamubwezera n'kutuluka. Ulendo wonse wobwerera, nditapanikizika pakati pa matumba a mapira ndi dengu la nsomba, ndinkangoganiza chimodzi. Achimwene akawaona baba mmene alili, abwera. Palibe mwana angaone nkhope imeneyo n'kukhalabe pabedi ku Joni.

Madzulo ndikuwadyetsa phala ndinawauza baba za tabuleti yatsopano. Anasiya kumeza.

"Yakaleyi yatani?"

"Yatha, baba. Simukuona ndamanga ndi mphira?"

"Mawu akumveka. Ine maso anapita kale, mnzakoyo sindimuona. Ndimangomumva. Yatsopanoyo ndi ya ndani?"

"Ndi yoti iwo azikuonani bwino."

Anakankhira mbale ya phala pambali. Kenako anati, "Umuuze asagule. Tikhale ndi yomweyi."

Iwo anali atazindikira zimene ine ndinazindikira ku Bangula. Kwa miyezi yonseyo fumbi la kamera yakale linkawathandiza pa bodza lawo, ndipo ine ndinali wogwirizira bodzalo m'manja. Ndinagona ndi mkwiyo. Ndinakwiyira baba chifukwa choteteza mwana amene anali kutali ndi mphamvu za mwana amene anali pafupi. Palibe tsiku anavalapo jekete chifukwa cha ine. Ine ndinkaona zonse, zilonda za kumsana, ndowa ya usiku, misozi yawo mpweya ukawathawa. Palibe anaganizapo zoti mtima wanga nawo usungidwe.

M'mawa mwake ndinakwera pachulu ndekha n'kuwaimbira achimwene.

"Gulani," ndinatero.

Inafika patatha milungu ingapo, pa basi, m'bokosi loyera losatsegula. Baba anamva ndikung'amba pepala lake. Lamulungu litafika anati ndiwasambitse monga mwa nthawi zonse, ndipo jekete anavala. Poyenda kupita kuchulu anatsamira paphewa langa.

Achimwene anaonekera pagalasi ngati ali pomwepo. Ndinaona imvi m'ndevu zawo, ndi nkhungu pakhoma la kachipinda kawo. Anali akumwetulira, akufunsa ngati katundu wafika bwino. Kenako ndinatembenuzira kamera kwa baba.

Kumwetulira kuja kunazima. Anayandikitsa nkhope pagalasi, n'kubwerera m'mbuyo.

"Baba?"

"Ndiri pyadidi, mwananga," anatero baba, akuwongola msana. Chipewa chinali chitawakulira, chikugwera m'maso. Mawu anathera m'chifuwa.

Achimwene anaphimba kukamwa ndi dzanja. Ndinawaona akulira, bambo wamkulu, mapewa akugwedezeka. Baba sankaona, ankangomva kuti kwachita zii.

"Yaduka?" anandifunsa.

"Sinaduke, baba."

Tsiku lomwelo achimwene anandiimbira pandekha. Anandikalipira kuti n'chifukwa chiyani sindinawauze. Ndinawakumbutsa kuti ndinkawauza mwezi ndi mwezi. Anati kuuza ndi kwina, kuona ndi kwina. Analumbira kuti pa Khirisimasi abwera, mapepala kaya asakhale mapepala. Ndinatsika pachulu mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba m'chaka chimenecho. Ndinayamba kukonza chipinda chawo chakale, kuchotsa makasu ndi matumba.

Lamulungu lotsatira anaimba, koma anati kamera yawo ikuvuta, tingoyankhula mawu okha. Lotsatiralo anatumiza uthenga kuti ali kuntchito. Linalo foni inangoitana osayankhidwa. Baba anali atavala kale jekete, atakhala pansi pa masau. Tinadikira mpaka mthunzi unasuntha n'kutisiya padzuwa.

"Yesanso," ankatero.

Ndinkayesanso.

Thandizo silinasiye kubwera, linachita kuwonjezeka. Kunabwera mauthenga aatali ofunsa za mankhwala, ondilangiza zakudya zoti ndiziwapatsa, ondiuza kuti ndiwatengere kwa dokotala wina ku Blantyre. Koma nkhope ya baba sanafunenso kuiona. Tsiku lina ndinawapanikiza ndipo anandiyankha kuti, "Chemwali, sindingathe. Ndikawaona choncho sindigona, ntchito sindigwira. Iwe unazolowera."

Mawu amenewo sanandichoke mpaka lero. Unazolowera. Ngati kuti ine ndinabadwa ndi mtima wa chikopa cha ng'ombe.

Khirisimasi inafika, mvula inagwa, msewu unadzaza matope. Achimwene anati abwana awo akana tchuthi, ndipo kumalire kwavuta. Mwina zinali zoona. Baba anasiya kufunsa za Lamulungu. Anasiyanso kupempha jekete. Tsiku lina ndikuwatembenuza pamphasa anagwira mkono wanga.

"Ndinakuuza kuti tikhale ndi yakale ija," anatero. Sananene mokalipa. Ananena ngati mmene ankanenera za ng'ombe imene yalowa m'munda wa eni.

"Ndinkafuna abwere, baba."

"Ndikudziwa. Koma mnzakoyo ndinamulera ndine. Ali mwana, tikamapha mbuzi ankathawira kudimba. Nyama yokha ndiye ankadya."

Anaseka pang'ono, chifuwa n'kuwagwira. Ine sindinaseke.

Anamwalira mapira atayamba kucha, m'mawa, ndikuwapukuta kumaso. Ndinakwera pachulu kukawauza achimwene. Analira kwambiri. Kenako anapempha kuti pa tsiku la maliro ndiwagwirire tabuleti, aone mwambo wonse, kuyambira kunyumba mpaka kumanda. Anati batire la yatsopanoyi likwanitsa.

Ndinakana. Ndinawauza kuti manja anga adzakhala ndi ntchito ina. Tabuletiyo ndinaizimitsa n'kuiika pansi pa zovala m'sutikesi. Achibale ena anandinena kuti ndine wouma mtima, kumumana munthu kutsanzikana ndi bambo ake. Azakhali anga anachita kundikokera kuseri kwa nyumba kuti andilangize. Ndinawamvera mpaka anamaliza, n'kubwerera kukakhala pafupi ndi bokosi. Baba ndinawaperekeza ndi maso anga, manja ali pachifuwa, osayang'ana ngati netiweki ikugwira.

Achimwene anabwera chaka chotsatira kudzamanga chiliza. Mapepala aja sanawaletse. Anafika ndi galimoto yahayala kuchokera ku Bangula, atanenepa, atanyamula mphatso za mudzi wonse. Chiliza chinali chokongola, cha matailosi akuda, choposa zonse kumandako. Abusa anawayamika pagulu kuti ndi mwana amene sanaiwale kwawo, amene ngakhale ali kutali anaonetsetsa kuti bambo ake akumuona ndi kumumva. Anthu anawomba m'manja. Ine ndinali kumbuyo ndi amayi anzanga, tikutsuka mbale za alendo.

Tsiku loti abwerere anapempha kuona chipinda chimene baba anamwaliramo. Ndinawatsegulira. Munali matumba a mapira, njinga, ndi nkhuku ikufungatira pakona. Anaima pakhomo nthawi yaitali.

"Anavutika kwambiri?" anafunsa.

"Anavutika."

Anadikira kuti ndiwonjezere mawu ena, oti anapita mwamtendere, oti ankawatchula mpaka kumapeto. Ndinkadziwa kuti ndi zimene ankafuna kunyamula popita ku Joni. Sindinawapatse. Ndinawauza kuti galimoto ikuwadikira, ndipo ine ndachedwa kusukulu. Tinagwirana chanza pamsewu ngati anthu odziwana kutchalitchi, iwo n'kulowera ku Bangula, ine n'kukwera njinga yanga.